Kalata kwa Akhristu a Mpingo Wathu pa Nkhani ya Ndalama za Crypto

Okondedwa mwa Khristu, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Mvano, achinyamata, ndi inu ana athu amene muli ku Joni, ku Zambia ndi ku Ulaya, mtendere ukhale nanu.

Nkhani ya ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto yalowa m'nyumba zathu, ndipo m'nyumba zina yagawa anthu pawiri. Mbali ina kuli amene aiphunzira, ambiri mwa iwo achinyamata, ndipo akufuna kuti makolo, alongo ndi alamu awo alowemo msanga. Mbali ina kuli okana, amene akuti ndalama yosagwirika m'manja si ndalama. Okanawa akunenedwa kuti ndi achikale, ena akutchedwa a Tomasi Didimo. Iwonso sakungokhala chete, akuti anawo alowa za satana. Madandaulo otere afika kale kwa akulu a m'miraga, n'chifukwa chake ndati ndilembe kwa nonse pamodzi. Mawu anga ambiri apita kwa inu oitana anzanu, pakuti udindo waukulu uli pa inu.

Tiyambe tachotsa mantha opanda pake. Mu crypto mulibe chizimba. Bitcoin, yomwe ndi yoyamba komanso yotchuka kuposa zonse, inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009, ndipo woiyambitsa anadzitcha Satoshi Nakamoto, dzina longobisalirako. Amayi a banki m'khonde amva msanga mmene imayendera. Inu muli ndi kaundula amene mlembi amalembamo kuti uje waponya masheya angati, uje wakongola zingati. Bitcoin ndi kaundula wotero, kungoti m'malo mwa mlembi mmodzi, makompyuta masauzande a m'mayiko osiyanasiyana amasunga aliyense kope lake lofanana ndi la mnzake, ndipo cholembedwamo sichifufutika. Kaundulayo ndiye amamutcha blockchain. Palibe boma kapena banki yosindikiza Bitcoin, ndipo inakonzedwa kuti chiwerengero chake chisadzapose 21 miliyoni. Amene mukuti iyi ndi nambala ya chilombo ya m'buku la Chivumbulutso, ine sindikuona pogwira. Foni yomweyo ndi imene ambiri mukutumizira chakhumi pa Mpamba ndi Airtel Money.

Chimene chikukoka achinyamata ndikuchimvetsa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene ankasunga ndalama za malata anadzuka m'mawa n'kupeza kuti denga lathera pakati. Madola ku banki ndi osowa. Tsono wachinyamata akamva kuti pali ndalama ya pa foni yotchedwa USDT, imene eni ake amailinganiza ndi dola ya ku America, n'kuyamba kuchita nayo chidwi, sanapenge ayi. Makolo, mwana akayamba kufotokoza musamudule pakamwa. Mumvereni mpaka amalize, kenako mufunse.

Koma inu ofotokoza, fotokozani zonse. Mu Novembala 2021 Bitcoin imodzi inafika pa madola pafupifupi 69,000. Patangotha chaka inali pa madola pafupifupi 16,000, kutanthauza kuti amene anaika madola 100 anatsala ndi osakwana 25. Inadzakweranso mpaka kupitirira 100,000 mu Disembala 2024, ndipo ofotokoza ambiri amakonda kuyambira nkhani yawo pamenepo. Nanga amene anali ndi wodwala m'chipatala mu 2022 akanadikira 2024? Anagulitsa motaya. Mu Novembala 2022 momwemo kampani ya FTX, umodzi mwa misika ikuluikulu ya crypto padziko lonse, inagwa ndi ndalama za anthu, ndipo mwini wake, Sam Bankman-Fried, analamulidwa mu 2024 kukakhala kundende zaka 25. Ngakhale ndalama zolinganizidwa ndi dola zija si zonse zinasunga lonjezo. Ina yotchedwa TerraUSD inagwa mu Meyi 2022 m'masiku owerengeka. Ngati mumawauza mayi anu za kukwera kokha, kutsika n'kubisa, mwawanamiza, ngakhale chiwerengero chilichonse chimene mwatchula chili choona.

Auzeninso kuti mu 2019 Banki Yaikulu ya Reserve inachenjeza kuti crypto si ndalama yovomerezeka ndi lamulo m'Malawi muno, ndipo ochita nayo malonda akuchita podziwa kuti zikavuta ndi zawo. Mukalakwitsa nambala pa Mpamba pali poimba foni, pali ofesi yokadandaulako. Mukatumiza Bitcoin kolakwika, yapita. Chikwama cha crypto chimene munthu amasunga yekha chimatsegulidwa ndi mawu achinsinsi 12 kapena 24. Wina akawaona, ndalama ndi zake. Mwini akawataya, palibe manijala wa banki woti amuthandize. Ku Newport, m'dziko la Wales, James Howells anakhala zaka zambiri akupempha kuti amulole kukumba kudzala la mzinda, kumene mu 2013 kunatayidwa kachipangizo ka kompyuta kosunga makiyi a ma Bitcoin pafupifupi 8,000. Khoti linamukanira mu 2025. Ameneyu ndi katswiri wa makompyuta. Ganizirani agogo amene PIN ya foni amawasungira ndi mdzukulu.

Zonsezi ndi za crypto yeniyeni. Chondisowetsa tulo ndi china. Zambiri zimene zikuyenda m'magulu athu a WhatsApp zangobwereka dzina la crypto, mkati mwake mulibe malonda alionse. Mukuzidziwa mmene zimabwerera. Munthu amatumiza chithunzi cha foni yake, manambala obiriwira akukwera, pansi pake linki ndi mawu akuti malo atsala ochepa. Mumaika K20,000 poyesa, ndipo pakatha sabata mumatapadi K26,000 pa Airtel Money. Mtima umakhala pansi. Mumagulitsa soya, mwina ndi mbuzi zomwe, n'kuika K600,000. Manambala aja amapitiriza kukwera, tsiku ndi tsiku mumawayang'ana musanagone. Tsiku lofuna kutapa, foni imati muyambe mwalipira msonkho, kapena akuti makina akukonzedwa, bwerani Lolemba. Lolemba likafika gulu lija latsekedwa, nambala ya mtsogoleri sikupezeka. K6,000 ya poyamba ija sinali phindu la malonda. Inatapidwa pa ndalama za munthu wina amene analowa pambuyo panu, ndipo inu munaisandutsa umboni wokopera ena.

Machenjerero amenewa si atsopano. MMM ya Sergei Mavrodi wa ku Russia inkalonjeza 30 peresenti pamwezi, ndipo mu 2016 inaliza anthu ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria. Tawerengani nokha: K100,000 yobereka 30 peresenti mwezi uliwonse imaposa K2,300,000 chaka chikamatha. Munthu wodziwa njira yotere angafunenso ndalama za mayi wogulitsa mandasi? Inu a ku Joni mukukumbukira Mirror Trading International, imene inkati ili ndi kompyuta yochita malonda yokha, yobereka pafupifupi 10 peresenti pamwezi. Inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg n'kuthawira ku Brazil, ndipo akuluakulu a ku America anati munalowa Bitcoin ya madola oposa 1.7 biliyoni. OneCoin ya Ruja Ignatova wa ku Bulgaria inalibe ngakhale kaundula weniweni uja, koma inatolera madola mabiliyoni, ndipo mayiyo anasowa mu 2017.

Zonsezi zinayenda pa msewu umodzi, wa kukhulupirirana. Wakuba wa ku Bulgaria sangafike pakhonde pa mayi anu. Wofika ndinu, mwana wawo, amene anakulerani ndipo amadziwa kuti simungawabere. Ndipo aliyense wobweretsa mnzake amalandirapo kangachepe. Apa ndikufunseni mosapsatira: bambo anu akalowa kudzera pa linki yanu, inu mupezapo chiyani? Ngati mupezapo kanthu ndipo simunawauze, mwawagulitsa iwo akuganiza kuti mukuwalangiza. Mwina nanunso munanamizidwa ndipo mumakhulupirira ndi mtima wonse. Zimenezo zimachepetsa mlandu wanu pamaso pa anthu, koma sizibweza mbuzi.

Mpingo nawonso ndi msewu womwewo, ndipo ife abusa sitili otetezeka. Ku Denver, m'dziko la America, mbusa wina dzina lake Eli Regalado anayambitsa ndalama yakeyake yotchedwa INDXcoin, n'kumauza Akhristu kuti Mulungu ndiye wamutuma. Anthu oposa 300 anaikamo madola oposa 3 miliyoni. Atamutsegulira mlandu mu Januwale 2024, iye mwini anavomera pa kanema kuti anatengapo madola pafupifupi 1.3 miliyoni, zina n'kukonzetsera nyumba yake, ati molamulidwa ndi Ambuye. Ndatchula ameneyu kuti mudziwe kuti kolala ya m'khosi si chikole cha ndalama zanu. Ngakhale ineyo nditadzaima pa gome n'kunena kuti ndalota kampani yoti muikemo ndalama, mudzandikane, mukandinenere ku bwalo la akulu a mpingo. Ndamvanso ena akugwiritsa ntchito fanizo la matalente la pa Mateyu 25 pochititsa manyazi okayika, ati akukwirira chuma pansi. Fanizo lija likunena za kukhulupirika kwa wantchito pa zimene mbuye wake wamusungitsa. Ndalama za fizi ya ana ndi za feteleza ndi zosungitsidwa zotero, ndipo wozitaya pa zinthu zimene sakuzimvetsa sangabisale kumbuyo kwa fanizoli.

Chopweteka kwambiri chimabwera pambuyo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wakubera akakhala mlendo umapita kupolisi. Nanga akakhala mwana wa mchemwali wako, kapena mnzako wa mu kwaya? Mlandu sutha, umangokhala m'mimba. Anthu amasiya kuyenderana, pamaliro amakhala motalikirana, pa Mgonero wina amasintha benchi. Ndalama zimapezekanso, koma chibale chosweka chotere chimatenga zaka kuti chilumikizike, ndipo ena amaikidwa m'manda chisanalumikizike.

Sindikuletsa kuti munthu aphunzitse m'bale wake za crypto. Ngati mwaiphunzira bwino ndipo m'baleyo wafunsa yekha, khalani naye pansi. Muonetseni zimene inu mwataya, osati zimene mwapeza zokha. Ayambe ndi kandalama kamene kakatayika ana sagona ndi njala, ndipo aone ndi maso ake njira yonse, kuyambira kugula mpaka kusinthanso kukhala makwacha a m'manja. Asakongole ku banki m'khonde, asapite kwa akatapila, asagulitse munda. Wapabanja asachite mobisira mnzake, chifukwa zambiri zimene zikufika kwa ankhoswe zinayamba ndi mawu akuti ndimafuna ndidzamudabwitse. Ndipo akakana, mulekeni. Musamuimbire foni usiku uliwonse, musamutumizire zithunzi za phindu lanu kuti amve kuwawa, musamuuze kuti umphawi akuufuna yekha. Za Tomasi zija, kumbukirani kuti Ambuye sanamupirikitse, anamuonetsa zimene anapempha kuona. Wofunsa umboni asanapereke ndalama zake sanachimwe.

Inu okayika, kukayika kwanu kukhale kwa mafunso, kusakhale kwa matemberero. Funsani kuti phindulo likuchokera kuti, ndani akugula chiyani. Funsani ngati munthu angapindule osabweretsa wina aliyense. Mukamva kuti phindu ndi lotsimikizika, sabata iliyonse mofanana, imirirani muzipita, chifukwa mtengo wa crypto yeniyeni susunga pangano ndi munthu. Chiphaso chanu cha unzika musabwereke wina kuti akatsegulire akaunti, chifukwa ndalama zakuba zikadutsamo, dzina lopezeka ndi lanu. PIN ndi mawu achinsinsi aja musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Pa za mpingo, bwalo la akulu lagwirizana izi. Magulu a WhatsApp a miraga, a Mvano, a kwaya ndi a achinyamata si malo otumizirapo malinki a malonda amenewa, ndipo oyang'anira magulu azichotsa. Nthawi ya maumboni m'mapemphero isasanduke yotsatsira kampani. Ndalama za thumba lililonse la mpingo, kuphatikizapo la chitukuko ndi la zachifundo, zisaikidwe mu crypto ngakhale kwa sabata imodzi. Mkulu wa mpingo kapena mtumiki asalembe anthu a m'mlaga mwake m'zinthu zimene iye akulandirapo gawo, pakuti nkhosa imavutika kukana woiweta.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga kalatayi ndalama zitapita kale, ndipo mwakhala chete chifukwa cha manyazi. Musadzitsekere m'nyumba, ndipo maganizo akakulemerani mpaka kufuna kudzipweteka, uzani munthu lero lomwe. Sungani mauthenga onse, manambala amene munatumizako ndalama ndi malisiti a pa foni, mukanene kupolisi. Chenjerani ndi anthu amene adzakuimbirani n'kumati angakubwezereni ndalamazo mukawalipira kaye, chifukwa kawirikawiri ndi akuba omwewo abwereranso. Ndipo inu amene munabweretsa anzanu, musadikire kuti akupezeni. Pitani nokha, nenani zimene munalandirapo, ndipo gawo limenelo libwezeni.

Ofuna kuti tikambirane mwachinsinsi, kapena mabanja ofuna mkhalapakati, mundipeza ku ofesi ya mpingo Lachitatu lililonse m'mawa. Akulu a miraga awerenge kalatayi m'mapemphero a pakati pa sabata, ndipo amene muli ndi ana kunja muwatumizire.

Chisomo cha Ambuye chikhale ndi inu nonse.

Ine mbusa wanu.