Khasu la aKamlomo

Padangokhala mudzi wina m'dera la Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza. M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Kamlomo. Munthuyu anali ndi mawu. Akayambitsa nyimbo, ngakhale nkhuku zinkasiya kupalasa.

Chaka cha 2024 mvula inathawa. Inadula chimanga chili m'chiuno, dzuwa n'kuchiwamba chisanabereke. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Nkhokwe zinangoti kukamwa yasa. Ena anagulitsa ng'ombe zolimira, ena anasinthitsa mbuzi ndi mameda a chimanga.

Kamlomo njalayo inamulambalala pang'ono, poti anali atadzala mpendadzuwa. Mu Ogasiti anapita ku Kulamba ku Mkaika, kukaona Achewa a m'maiko atatu akugwada kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo pobwerera anagula khasu latsopano pa Katete. Khasu lake linali khasu! Lolemera, lakuthwa, lonyezimira ngati mwezi. Anatenga msomali n'kulembapo K kumsana kwake.

Mu Okutobala anyakwawa anaitanitsa anthu pabwalo.

"Abale anga, ng'ombe zapita, matupi afooka. Tibwerere ku dima la makolo athu. Loweruka lililonse tizilima munda umodzi tonse pamodzi. Tiyambe ndi amasiye ndi okalamba, enafe tidzabwere pambuyo. Mwini munda aziphika kathobwa, ngakhale kamadzimadzi."

"Amenewo ndiye mawu, mfumu!" anafuula Kamlomo. "Woyamba kufika ndidzakhala ine."

Koma usiku tulo tinamukana. "Khasu la ndalama zanga likathere m'minda ya eni? Minda khumi! Pofika kwanga lidzakhala ngati sipuni." Anadzuka mwakachetechete, n'kugulula khasu pampini, n'kulisomeka m'denga la khitchini. Kumutu kwa mpiniwo anakulungako chisaka, n'kumanga ndi luzi.

Loweruka anafikadi woyamba.

"Nanga chisakacho, alamu?"

"Khasu latsopano limaopa maso a anthu. Ndimalivula ndikafika pamalo panga."

Malo akewo ankasankha yekha: kumapeto kwa munda, kuchulu, kumene udzu umafika m'khwapa. Kumeneko ankaweramuka, kuwerama, kuweramuka, kuwerama, fumbi kobo! Makasu a anzake ankati khwa, khwa, khwa. Mpini wa Kamlomo unkati phu, phu, phu. Koma ndani akanamva? Nyimbo inali pakamwa pake, anzake akuvomera, thukuta lili kamukamu. Pa nthawi ya thobwa, chipanda chachikulu chinkapita kwa woyimba.

Munda woyamba unatha. Wachiwiri unatha. Wachitatu unali wa agogo aNabanda, amene maso awo anachita khungu kalekale. Ankakhala ndi mdzukulu wawo Ganizani, mwana wamasiye. Tsiku limenelo Ganizani anafika ndi khasu la mpini wauwisi, wosemedwa dzulo lake, n'kuima pafupi ndi chulu.

Kamlomo analiyang'ana khasulo, lili matope okhaokha, likudya nthaka ngati nsima.

"Iwe mwana, khasu labwino chonchi walitenga kuti?"

"Anachita kundipatsa, bambo."

"Kukupatsa? Laulere? Ha! Zitsiru sizidzatha pa dziko lino."

Agogo aNabanda anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, khutu lili kumunda. Anthu atabwera kudzamwa, anafunsa:

"Mwabwera angati, ana anga?"

"Khumi ndi atatu, agogo."

"Oho. Makutu akalamba. Ine ndimamva makasu khumi ndi awiri." Kenaka anatembenukira kumene kunkachokera mawu a woyimba. "AKamlomo, khasu lanu ndi laulemu. Silisokosa."

"Ndi la pa Katete, agogo," anatero Kamlomo, akupukuta thobwa kundevu.

"Ana anga, ndilibe chokulipirani lero. Koma aliyense asaiwale mizere yake. Chauta akatipatsa mvula, pa mizere isanu iliyonse, umodzi udzakhala wa amene anauunga."

Anthu anaomba m'manja. Kamlomo anaomba kuposa onse.

Podzala, Ganizani anabwera akuthamanga. "Agogo, kuchulu kulibe mizere. Udzu wangogona basi."

"Usakhudzeko. Imeneyo ndi mizere ya aKamlomo. Imaoneka kwa eni ake."

Minda ya okalamba itatha, anyakwawa anati, "AKamlomo, Loweruka likubwerali tili kwanu." Kamlomo anawerenga mumtima mameda amene thobwa la anthu khumi ndi atatu likanadya.

"Musavutike, mfumu. Thandizani osowa. Ine khasu langa limalima lokha."

Mvula yoyamba itagunda, analowa m'khitchini usiku n'kupisa dzanja m'denga. Udzu. Anapisa pena. Mwaye. Anapisa pena. Chisa cha mavu.

"Mukufuna chiyani kumeneko usiku uno, bambo?" anafunsa akazi ake, aNaphiri.

"Makoswe."

Anasasula denga theka, makoswewo sanapezeke. Akagule lina? Ndalama ya mpendadzuwa inali itatha. Akabwereke? Abwereka bwanji munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti ali ndi khasu loposa onse? Anayamba kubisalira kakhasu kakutha ka aNaphiri, kumalima madzulo iwo akaweruka. Anzake akupalira, iye anali akuunga mizere. Anzake akubandira, iye anali akudzala. Chimanga chake chinatuluka chowonda ngati bango, ndipo Loweruka lililonse ankanyamulabe mpini wake wa chisaka kupita ku dima, poti thobwa silinamulakwire.

Dzinja limenelo mvula inabweza ngongole. Pofika Meyi wa 2025, munda wa agogo aNabanda unali utauma bwino, zisononkho zikulendewera ngati mikono ya ana. M'mudzi nkhani inali ya matumba, ya depoti yogulirako chimanga ya FRA, ya mavenda amene ankazungulira ndi masikelo awo. Agogo anatumiza uthenga: aliyense abwere adzatenge mizere yake.

Anthu anabwera ndi madengu. Kamlomo anabwera ndi ngolo yobwereka ndi matumba anayi a makilogalamu 50.

"Kuchulu, aKamlomo," anatero agogo. "Konse n'kwanu. Inu sinditengako ngakhale mzere umodzi."

Analowa kuchulu. Chisoso chinamulandira ndi manja awiri. Anafunafuna, anapeza chisoso. Anazungulira chulu, anapeza chisoso. Anatuluka thalauza ili bii ngati nungu.

Potuluka ndi pamene analiona. Linali litatsamira nkhokwe, lotsukidwa bwino, pafupi ndi mulu wa chimanga cha Ganizani, umene unaposa milu yonse. Kumsana kwake kunali K.

"Wakuba! Khasu langa! Mfumu, bwerani mudzaone! Khasuli n'langa, ndiye chimanga chimene lalima n'changanso!"

Anthu anasiya madengu. Anyakwawa anakhala pa mtondo wogadabuza.

"Ganizani, khasuli unalitenga kuti?"

"Anandipatsa amayi aNaphiri, mfumu."

ANaphiri anagwada. "Zoona, mfumu. Ndinalipeza m'denga ndikuchotsa mwaye, lopanda mpini. Ndinati, amuna anga lawo amapita nalo ku dima Loweruka lililonse, ndimawaona ndi maso angawa. Ndiye ili ndi lotsala la malemu amalume. Mwanayu ankalima ndi chitsulo chakutha, ndinamumvera chisoni."

Anyakwawa anakanda kumutu pang'onopang'ono.

"AKamlomo, tithandizeni, ife ndife osaphunzira. Ngati khasu ili n'lanu, ndipo linali m'manja mwa mwanayu, inuyo m'chisaka muja munali chiyani?"

Bwalo linati zii. Kutali njiwa inalira.

Tsono inu amene mwakhala chete kumvetsera, mukanayankha chiyani? Mukati n'langa, mwavula chisaka pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa apongozi, pamaso pa zipanda zonse za thobwa zimene munagugudiza. Mukati si langa, khasu lapita.

Kamlomo analinyamula khasulo. Analitembenuza uku, analitembenuza uko. Analiyandikiza kumaso.

"Ndaonetsetsa, mfumu. K ameneyu ndi wa Katete. Makasu onse a kumeneko ali naye."

"Ndiye langa lija linagwa chilembo panjira," anatero mkulu wina kumbuyo, ndipo amayi anabisa nkhope m'zitenje.

"Mlandu watha," anatero anyakwawa. "Ganizani, tenga khasu lako."

Agogo aNabanda anaitana mdzukulu wawo n'kumunong'oneza. Mnyamatayo anadzaza dengu limodzi n'kukalitula pamapazi a aNaphiri. Ananena momveka kuti n'la aNaphiri.

Ngolo inabwerera yopanda kanthu, koma mwini ngolo anafunabe nkhuku yake. Kamlomo anakhala masiku atatu kuseri kwa nyumba akuthothola chisoso pathalauza. Khasu lija lilipobe kwa Ganizani. Lafupika ndi zala ziwiri, ndipo K akuonekabe.