Kodi Ulemu ndi Kukhala Chete?

Amayi anzanga, pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya unamwino, pali usiku umodzi umene sindiuiwala. Kunabwera mtsikana wapakati atamunyamula pangolo, matenda atamuyamba dzulo lake, mwana atapingasa. Titafunsa chimene anachedwera, anayankha ndi agogo ake: ankadikira mwini mbumba kuti avomere. Podikirapo anamumwetsa mwanamphepo, ndi kumukakamiza kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Mwiniwakeyo anangonong'ona kuti, "Ine ndinanena dzulo lomwe kuti tipite." Opaleshoni inapulumutsa iye yekha, mwana sitinamupeze wamoyo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: pa nkhani ya mimba, mawu omaliza ndi a yani?

Ena adzati mutu umodzi susenza denga, ndipo akunena zoona. Mwana ndi wa banja lonse. Bambo, amalume ndi apongozi ali ndi gawo lawo, ndipo malangizo awo ngofunika. Koma kulangiza ndi kwina, kulamula ndi kwina. Amene akumva ululu ndi mayi. Amene angataye magazi kapena kung'ambika chiberekero ndi mayi. Nanga bwanji iyeyo akhale womaliza kufunsidwa? Tinaphunzitsa ana athu aakazi kugwada ndi kuyankhula motsitsa mawu, ndipo ndi bwino. Koma tinaiwala kuwauza kuti kunena kuti "ndikuona magazi, ndiperekezeni kuchipatala tsopano lino" si mwano.

Ife anamwino nafenso tisadziyeretse. Ndikuvomera kuti masiku ena, nditatopa, ndinakalipira mayi wobuula, ndipo ndinamuchita zina ndi zina osamufotokozera. Mayi wothawa kulamulidwa kunyumba n'kukapezanso zomwezo kuchipatala, mimba yotsatira adzasankha kuchirira kumudzi.

Dziko lathu layesetsa. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Wa 2015-16 anapeza 439. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi m'midzi, ndipo mafumu ena anayamba kulipiritsa chindapusa mayi wochirira pakhomo. Amayi ochirira kuchipatala anachulukadi. Komabe funso langa silinathe: kodi n'chilungamo kulipiritsa mayi amene anafuna kupita koma analetsedwa, kapena analibe ndalama yokwerera? Chindapusa chikhoza kumufikitsa pakhomo la chipatala, koma sichingamupatse mawu.

Tsono tichite chiyani? Nkhani zimenezi zikambidwe mimba ikadali yaing'ono, mayi atangoyamba sikelo. Banja ligwirizane kumene adzachirire, amene adzamuperekeze, ndalama ya ulendo, ndiponso kuti zikadzavuta asadzadikire chilolezo cha wina aliyense. Ngati kwawo n'kutali, apite msanga kukadikirira kuchipatala. Akafika kumeneko ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Mankhwalawa ndi a chiyani? Opaleshoniyi ndi ya chiyani?" ndi kuyankhidwa asanavomere.

Ambiri mwa ife tsopano ndife apongozi ndi agogo, ndipo pakati pa usiku amadzagogoda pakhomo pathu. Mpongozi wanu kapena mdzukulu wanu akadzati, "Amayi, sindikupeza bwino, tiyeni," musadzamufunse kuti wauza yani. Ingotengani chitenje, munyamuke naye.