KODI KUKHALA CETE NDI BODZA?

Kumudzi munthu sakhoza kubisa cirema ca nyumba yace. Anansi ndiwo anamthandiza kudula phaso ndi kuponda dothi, ndipo ciswe cikalowa, mudzi wonse udziwa. Koma m'tauni wogulitsa ndi wogula ali alendo wina kwa mnzace. M'caka ca 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo kwa anthu okhalamo, ndipo ana ambiri a m'midzi, ogwira nchito ku Lusaka ndi ku Migodi, anasanduka eni nyumba. Ena eni zipinda za m'nyumba zosanjikana, zimene anthu azicha mafulati. Pofika nthawi yopuma nchito ndi kubwerera kwao, iwo agulitsa, ndipo pamenepo pabuka funso lobvuta.

Munthu ali ndi fulati imene khoma lace limatuluka madzi nthawi ya dzinja. Aigulitsa mwezi wa Okutobala, dzuwa liri phwee, khoma liri gwa. Wogula sanafunse za mvula, mwini sananene kanthu. Kodi wanama?

Lamulo la Angelezi, limene Zambia inalandira, linakhazikika pa mau akuti wogula acenjere yekha. Mwini nyumba sakakamizidwa kuwerenga zirema za makoma ndi denga, koma aletsedwa kunama pofunsidwa, aletsedwanso kuphimba. Mu 1986 bwalo la apilo ku England linaweruza mlandu wa Gordon ndi Selico, wa fulati imene matabwa ace anabvunda ndi nkhungu, mmisiri nabisa malo obvundawo wogula asanadze kudzaona. Oweruza anati kumeneko nkunama ndi manja, cinkana pakamwa panali potseka. Potero lamulo ligwira munthu wopaka njereza pa mng'alu, koma kawirikawiri limleka amene angopinda manja.

Funso ili nlakale. Cicero, mlembi wa ku Roma, analemba za ilo zaka 44 asanabadwe Ambuye. Asimba za Claudius Centumalus, mwini nyumba yosanjikana pa phiri la Caelius. Ansembe acikunja oombeza ndi kuuluka kwa mbalame anamlamula agwetse zipinda zam'mwamba, popeza zinawachinga maso. Iye anangoigulitsa msanga kwa Calpurnius Lanarius, osachula lamulolo. Mwini watsopano atakakamizidwa kugwetsa, anamva kuti mnzace anadziwa kale, napita naye kumlandu. Ndipo woweruza, Marcus Cato, anagamula kuti wogulitsa alipe, cifukwa anadziwa koma sananene. M'buku lomwelo muli anzeru awiri Acigriki otsutsana. Diogenes anati kukhala cete sikufanana ndi kubisa, ndipo wamalonda sangayende m'msika kulalikira zoipa za katundu wace. Antipater, wophunzira wace, anati kuteroko kuposa kuipa kwa kukana kulozera njira munthu wosokera, pakuti ndiko kumlekerera agwe m'mbuna uli kuona.

Mau a Diogenes asapeputsidwe msanga. Cirema coonekera, monga zenera losweka kapena citseko copotoka, sicifuna mlaliki. Wogula ali ndi maso. Ndiponso wogulitsa sindiye cirombo nthawi zonse. Kapena ali nkhalamba imene penshoni yace yacedwa, ali ndi adzukulu amasiye ofuna ndalama za sukulu, ndipo adziwa bwino kuti akachula za khoma mtengo udzatsika. Kumuuza kuti anene zoona ndiko kumuuza kuti ataye ndalama zimene azisowadi. Wolalikira amene sanagulitsepo nyumba azikumbukira cimeneci.

Komabe pali kukhala cete kwa mitundu iwiri. Wina akhala cete cifukwa sadziwa, kapena cifukwa cinthuco ncacabe. Wina akhala cete dala, podziwa kuti mnzaceyo akamva sadzagula pa mtengo umenewo. Waciwiriyu wasankha mwezi wa Okutobala mocenjera, napemphera m'mtima kuti funso la mvula lisabwere. Ndalama zoonjezera zimene alandira si za njerwa kapena malata ai, koma za umbuli wa mnzace. Ndipo umbuli wa mnzace suli katundu wace wakuti augulitse. Umphawi wace ucititsa cifundo, koma wogulayo kapena nayenso wasonkha thukuta la zaka 20, ndipo ana ace ndiwo adzatsokomola m'cipinda cacinyezi.

Cilamulo ca Mose cichula nyumba yodwala. Pa Levitiko 14, munthu woona banga lokayikitsa pa khoma lace anayenera kupita yekha kukauza wansembe, asanafunsidwe ndi munthu. Nyumba inatsekedwa masiku 7. Banga likakula, miyala inacotsedwa ndi khoma linapalidwa, likabweranso nyumba yonse inapasulidwa. Mwini anaulula cinthu cokhoza kumsiya pabwalo. Mutu umenewu sunena za malonda, koma uonetsa pa yani pagona udindo: pa iye wogona m'nyumbamo, amene yekha adziwa cocitika usiku mvula ikagwa.

Maiko ena asendera kufupi ndi ganizo ili. Ku South Africa, kumene nyumba zimagulitsidwa monga ziriri, mau amenewo sacinjiriza munthu wobisa dala cirema cimene acidziwa. Ndipo kuyambira 2022 wogulitsa mwa nkhoswe ya malonda a nyumba alemba zirema pa pepala nasainapo.

Patsala nkhani ya amene anagulitsa kale, ndalama nadya, ndipo tsopano akhala pa mpando wa akulu a mpingo mtima uli kumtsutsa. Bwalo la boma kapena silidzamuitana konse. Kubweza nyumba sikutheka. Cotheka ndico kulemba kalata kwa wogulayo, kumuuza pamene madzi alowera, kuti mmisiri asagumule khoma lolakwika, ndi kutumiza ndalama za simenti monga akhoza, ngakhale pang'ono pang'ono akagulitsa mtedza.