Ukapambana pa masewera a eni ake, wapambana ndani?

Pa 11 November 1911, timu ya sukulu yaing'ono ya Carlisle, ku Pennsylvania, idagonjetsa Harvard 18-15 pa mpira wa ku America, uja wothamanga mpira uli m'manja n'kumagwetsana. Katswiri wawo adali Jim Thorpe. Chaka chimenecho Carlisle idapambana masewero 11, n'kugonja kamodzi kokha.

Komatu Carlisle sidali sukulu wamba. Richard Henry Pratt adaitsegula mu 1879 pofuna kuchotsa chikhalidwe cha makolo mwa ana a eni nthaka a ku America. Mwana akafika ankamumeta tsitsi, kumupatsa dzina lachingerezi, n'kumuletsa kuyankhula chilankhulo cha kwawo. Ana oposa 180 adaikidwa m'manda pasukulu pompo.

Ndiye tsiku lija adapambana ndani? Anyamatawo, kapena sukulu imene inkafuna kuonetsa dziko kuti yawasinthadi?

Kwa ife a ku Nkhata Bay, funsoli si lachilendo. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, adaphunzira ku Livingstonia, sukulu ya amishoni. Kumeneko sikudali ngati ku Carlisle, chifukwa Atonga ambiri ankaifuna okha sukulu, komabe bwalo ndi malamulo zidali za azungu. Mu 1919 ku Cape Town, Kadalie adayambitsa ICU, bungwe la ogwira ntchito, ndipo Chingerezi chomwecho ndi chimene adazunguza nacho mabwana achizungu.

Ine ndikuti anyamata a Carlisle adapambanadi. Nzeru ndi thukuta zidali zawo, ndipo chida chikalowa m'manja mwako, amene adakupatsa sangakuuzenso potema. Koma zigoli sizifufuta manda aja. Kupambana kwa mwana sikusandutsa nkhanza kukhala chifundo.

Apa ndiye pali mlandu wathu, anzanga. Thorpe ndi anzake sadasankhe mtengo umene adalipira. Ife tikusankha tokha. Tili ndi madigiri, CV ili m'Chingerezi chosalala, koma ena tikuchita manyazi kuyankha agogo m'Chitonga pa foni tikakhala pagulu. Ena tikunyadira kuti mwana wathu sadziwa kupereka moni m'chilankhulo cha kwathu, eti ndiye chitukuko.

Phunzirani masewera a eni akewo, muwachinye ndithu. Koma mukatsika basi pa Nkhata Bay n'kupezeka kuti simungathenso kucheza ndi asodzi pagombe, dzifunseni kuti chikhocho mwatengera ndani.