Chisanu cha ku São Paulo

Abale anga a ku Fingoé ndi midzi yonse ya Maravia, kunja kukadali mbuu, tambala walira kachiwiri, ndipo ambiri mukundimvera muli pamoto, manja mutatambasula.

Kuzizira kwa Julayi kumeneku kwandikumbutsa São Paulo. Ndinafika kumeneko ndi chikwama chimodzi kumsana, ndikuyesa kuti ku Brazil ndi dzuwa lokhalokha ngati mmene timaonera pa mpira. Ayi ndithu. Chisanu chawo chimagwa miyezi yomweyi, poti nawonso ali kummwera ngati ife. Kamvula kawo kowaza amakatcha garoa. Nditakaona ndinati, uyu ndi chiperoni basi, wandilondola.

Anthu oposa 11 miliyoni mumzinda umodzi! Pa Avenida Paulista nyumba zosanjikizana zimatchinga dzuwa, mphepo n'kumaomba ngati pampata wa phiri. Koma nyumbazo ndinaziiwala msanga. Amene sachoka m'maso mwanga ndi bambo wina amene anagona pamakatoni pansi pa mlatho, galu wake atadzipinda kumapazi. Nkhuni kulibe, pootha moto palibe.

Anthu a ku São Paulo Chipwitikizi chawo amachikoka ngati nyimbo. "Bom dia" wanga anamumva, komabe anafunsa kwathu. Nditati Mozambique, mayi wogulitsa khofi anamwetulira n'kundipatsa pão de queijo, kabanzi kotentha ka ufa wa chinangwa ndi tchizi. Ndinayamba ndakafumbata kaye m'manja, osadya.

Kodi madzi pamoto wanuwo awira? Sonkhezerani moto, ana adzuka posachedwa.