Mutu umodzi susenza denga

Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti denga la nkhokwe salimangira pamwamba. Amalimangira pansi, nsungwi ndi luzi n'kulukana bwinobwino, kenako mwini wake amaitana anthu kuti adzathandize kulikweza. Amalizungulira, wina uku wina uko, aliyense n'kulowetsa mutu ndi mapewa, ndipo mmodzi akafooka denga lonse limapendekeka. Apa ndi pamene makolo athu anatengera mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Timakonda kuunena pofuna kuti anthu agwirane manja pa ntchito yolemetsa, ndipo n'zoona. Koma pali mbali ina imene sitiikumbukira kawirikawiri. Denga likakhazikika, mwini nkhokwe sathokoza amene amafuula kuti "tiyeni, kwezani!" yekha. Chikho cha thobwa chimafika kwa aliyense amene anaikapo phewa.

Ndimaganizira zimenezi ndikaona achinyamata athu atanyamula maenvelopu a khaki, akuchokera ku intavyu. Masiku ano pa ntchito zambiri wolemba anthu sakhala munthu mmodzi. M'boma muli mabungwe oona za kulemba anthu ntchito monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission ndi Health Service Commission, ndipo kumabanki, kumakampani ndi kumabungwe omwe si aboma nakonso amakhazika gulu. Mukalowa m'chipinda mumapeza anthu atatu, anayi, mwina asanu atakhala kuseri kwa tebulo. Pakati pali wapampando. Pambali pake pali wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, kenako katswiri wa ntchito imene mukufunayo, ndipo kumapeto kuli wina amene akungolemba osadzutsa mutu. Aliyense ali ndi pepala lake loikapo malikisi, ndipo mukatuluka amaphatikiza zimene apeza n'kukambirana. Dzina lanu limakwezedwa ndi mitu yonseyo.

Komatu ambiri maso athu amangokhala pa wapampando. Funso afunse ndi wina, yankho tikupereka kwa wapampando. Potuluka timawerama pang'ono, "Zikomo kwambiri bwana," n'kutseka chitseko ngati ena aja anali mipando chabe. Chimene chimandipweteka n'chakuti amene amadumphidwa kawirikawiri ndi mayi amene wakhala kumapeto kwa tebulo, kapena mnyamata wooneka wamng'ono msinkhu. Pamene mwina mayiyo ndi amene adzakhale akukuyang'anirani tsiku ndi tsiku mukalembedwa, ndipo funso lovuta lija anafunsa chifukwa ndi iye amene akudziwa pamene ntchitoyo imavutira. Munthu wotere amaona kuti simunamuone. Sanganene, koma amaona.

Tisaiwale kuti kungoitanidwa kokha ndi chinthu chachikulu m'dziko muno. Mu 2020, unduna wa zaumoyo utalengeza kuti ofuna ntchito angofika okha kudzayesedwa, anthu miyandamiyanda anakhamukira kumalo oyeserako, ndipo ku Mzuzu ena anavulala pokankhana. Ndiye mukapatsidwa mpando, madzi akumwa ndi mphindi makumi awiri kapena atatu zoti mulankhule, dziwani kuti pali anthu amene anawerenga mulu wa makalata mpaka kufika pa yanu. Anasiya ntchito zawo pa desiki. Akhala pamenepo kuyambira m'mawa kumvetsera mayankho ofananafanana, ndipo mwina inu mwalowa dzuwa litapendeka, iwo nsima asanadye. Kuthokoza anthu otere ndi ngongole, kaya ntchitoyo muipeza kaya ayi.

Kuthokozako kumayambira m'chipinda momwemo. Wapampando akamatchula mayina a anzake, tcherani khutu, ndipo palibe cholakwika kulemba mayinawo pa kapepala kanu. Amene wafunsa funso ndi amene mumuyang'ane poyamba poyankha. Pomaliza, yendetsani maso kwa onse, mlembi yemwe, ndi kunena zikomo wowafika onsewo. Mlonda wa pageti amene anakulozerani njira ndi mayi wa pa ofesi yolandirira alendo amene anakuuzani kuti "khalani apa, akuitanani" nawonso anaikapo phewa.

Tsono pali chizolowezi china chimene chafala ndi kubwera kwa imelo, cholemba uthenga wothokoza intavyu itatha. Ndi chabwino, makamaka kumakampani ndi kumabungwe, ndipo ine ndimachivomereza ndi mtima wonse, bola chichitidwe mwaulemu. Lembani tsiku lomwelo kapena mawa lake, nkhope yanu isanaiwalike. Ngati muli ndi adiresi ya aliyense, aliyense alandire wakewake. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amalemba uthenga umodzi, n'kumangosintha dzina pamwamba. Anthu a ofesi imodzi amauzana, nthawi zina amatumizirana kumene mauthengawo, ndipo akaona kuti mawu ndi omwewo kuyambira pa moni mpaka pa dzina lanu, zikomo uja amasanduka wopanda mchere. Kumbukirani chimene aliyense anafunsa. Amene anakufunsani za momwe mungasungire mabuku a ndalama magetsi atazima, muuzeni kuti funso lake lakupatsani zoganiza, ndipo ngati pali mfundo imodzi imene munaiwala, ionjezereni m'chiganizo chimodzi. Amene anakufotokozerani za maulendo a kumidzi nthawi ya dzinja, muthokozeni chifukwa chokuuzani zoona za ntchitoyo. Mizere inayi kapena isanu yakwana. Dzina lilembedwe molondola, ndipo ngati munthu anatchulidwa kuti Dokotala kapena Pulofesa, musamuchotsere.

Ngati adiresi muli nayo ndi imodzi yokha, ya amene anakuitanani, lembani kwa iyeyo, mutchule onse amene mukuwakumbukira ndi kupempha kuti awafikitsire mawu anu. Basi. Musayambe kufufuza nambala za foni za anthu kwa achibale ndi anzawo a kutchalitchi kuti muwapeze pa WhatsApp usiku. Munthu amene sanakupatseni nambala yake akalandira uthenga wotere amadzidzimuka, ndipo amayamba kudzifunsa kuti mukufuna chiyani kwenikweni.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa kwathu kuno mawu akuti "kuthokoza" ena anawaipitsa. Alipo amene akamva kuti thokozani, maganizo awo amathamangira ku kangachepe, "ya fanta" yotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nkhuku kapena thumba la mpunga lotumizidwa kunyumba. Chimenecho ndi chiphuphu. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Zidziwitso zambiri za ntchito zimanenanso poyera kuti wopezeka akunyengerera olemba ntchito adzachotsedwa pa mndandanda. Choncho uthenga wanu usapemphe chilichonse. Musalembemo za mavuto a kunyumba, musakumbutse munthu kuti mumachokera boma limodzi, musafunse kuti "ndiye zikuyenda bwanji kumbali yanga?" Ku ntchito za boma, kumene malikisi amalembedwa nthawi yomweyo ndipo ndondomeko ndi yokhwima, zikomo wa m'chipinda uja ndi wokwanira, ndipo ngati mtima ukukukakamizani kulemba, kalatayo idzere ku ofesi osati kwa munthu payekha. Amene anakufunsaniwo ali ndi udindo wochita chilungamo kwa onse amene anafunsidwa, ndipo kuwalemekeza kwenikweni ndi kusawaika pa mayesero.

Wina anganene kuti zonsezi n'zachabe, popeza ntchito anthu amapatsana mwachinsinsi intavyu isanachitike. Kudandaula kumeneku ndimakumva, ndipo sindinganene kuti kukondera kulibe. Koma m'magulu amenewa mumakhalanso anthu oongoka, amene amalimbana kuti woyenera apeze malo, ndipo nthawi zina amalimbana okhaokha. Ameneyo mwina ndi amene simunamuyang'ane n'komwe. Akalandira mawu awiri osonyeza kuti munamva funso lake ndipo munaliganizira, amadziwa kuti tsiku lake silinapite pachabe. Dziko lathunso ndi laling'ono. Amene lero ali ku kampani ina ku Limbe, chaka chamawa mudzamupeza pa gulu lina ku Lilongwe, ndipo munthu waulemu sachedwa kukumbukika.

Inu amene mwaitanidwa sabata ino, pokonza masetifiketi ndi kusita malaya, ikaninso cholembera ndi kapepala m'thumba. Mukakhala pansi, werengani anthu amene ali patsogolo panu, mulembe dzina la aliyense, ndipo pasapezeke ndi mmodzi yemwe wotsala osamva zikomo wanu.