Za Kuloza Cala mu Mdima

Abale, ife amene tikhala ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo tidziwa bwino cimene cicitika magetsi akazima madzulo. Wailesi ikhala cete, cigayo cileka kulira, ndipo anthu aturuka m'nyumba zao naima m'timagulu m'mbali mwa mseu. Umo ndimo tinakhalira miyezi yambiri m'caka ca 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi pa Kapichira. Posacedwapa tinaonera sewero lakale la pa wailesi ya kanema, limene liyamba ndi kuzima kwa magetsi kotereku, ndipo latisiyira funso limene tifuna kuliika pamaso panu. Tsoka likagwa, mwini wace osaoneka, nciani citifulumiza kumfuna pakati pa anansi athu?

Seweroli lichedwa The Monsters Are Due on Maple Street, ndiko kunena kuti zirombo ziri pafupi kufika pa mseu wa Maple. Analilemba Rod Serling, ndipo linaonetsedwa koyamba ku America pa 4 March 1960, mwa masewero ochedwa The Twilight Zone, zaka 39 dziko lathu lisanatsegule nyumba yace ya kanema mu 1999.

Nkhani yace ndi iyi. Madzulo ena cinthu cowala cipita m'mwamba ndi mkokomo, ndipo pomwepo magetsi, lamya, mawailesi ndi magalimoto zileka kugwira nchito. Bambo wina, Pete Van Horn, anyamuka kukaona ngati mseu wina uli ndi bvuto lomwelo. Tsono mnyamata, dzina lace Tommy, anena zimene anawerenga m'timabuku tace: kuti zolengedwa za ku nyenyezi zikafuna kulanda dziko, zitsogoza banja looneka ngati anthu. Akuru amseka, koma mauwo akhazikika m'mitima yao. Galimoto ya Les Goodman ilira yokha, ndipo mai wina akumbukira kuti anamuona usiku alikuyang'ana kumwamba. Iye ati sapeza tulo, koma palibe womumvera. Steve Brand ayesa kuletsa anzace, koma iwo amfunsa za wailesi imene alikupanga m'cipinda ca pansi pa nyumba yace. Kutada aona munthu alinkudza mu mdima. Charlie atenga mfuti naombera, ndipo wakufayo ndiye Pete, wobwera ku ulendo wace uja. Nyali ziyaka m'nyumba ya Charlie, ndipo iye, pofuna kudzipulumutsa, aloza cala Tommy. Mseu wonse udzala ndi mfuu ndi miyala. Potsiriza tiona alendo awiri a ku nyenyezi ali pa phiri, alikuzima ndi kuyatsa magetsi, nakondwera kuti sikudzafunika nkhondo, popeza anthu adzatsirizana okha.

Serling analemba izi dziko lace litangoturuka m'nyengo ya mantha. Kuyambira 1950 kufikira 1954 Joseph McCarthy, phungu wa nyumba ya malamulo, ananeneza anthu ambiri kuti ali a Komyunizimu mobisa. Ndipo m'zaka zomwezo olemba masewero ambiri anacotsedwa nchito, ena cifukwa mnzao anachula maina ao podziombola yekha. Koma nkhaniyi siri ya America yokha iai.

Tiyeni tione zinthu zitatu. Coyamba, palibe mmodzi wa onenezedwa amene anacita cinthu catsopano tsiku limenelo. Kusowa tulo kwa Les kunali kwa kale, wailesi ya Steve inalinso ya kale, ndipo dzulo lace palibe amene anaziyesa mlandu. Mantha ndiwo anasandutsa makhalidwe a munthu kukhala umboni womtsutsa. Caciwiri, mantha pa okha analibe nkhope. Nkhani ya Tommy ndiyo inawapatsa nkhope. Zimene timva ndi kuwerenga masana zitiuza cimene tidzaona usiku. Cacitatu ndico citicititsa manyazi. Wojambula aika kamera pafupi ndi nkhope za anthu ndi mapazi ao alikusendera ku nyumba ya Les, kotero kuti woonera ayesa kuti nayenso ali m'khamumo. Tibvomere kuti galimoto ija italira, ifenso tinati mu mtima, Kapena ndiye amene. Seweroli litigwira tiri ndi mwala m'dzanja, lisanatikweze pa phiri kuti tione kupusa kwa ena.

Kodi izi ziri kutali ndi ife? M'mwezi wa January 2016 ku Neno mphenzi inapha mtsikana, ndipo khamu linapha nkhalamba zinai pozinenera ufiti. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Blantyre. Anthu osacepera 8 anaphedwa, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu, ndipo bungwe la United Nations linacotsa anchito ace m'maboma ena. Palibe wopopa mwazi amene anagwidwa. Ogwidwa ndi khamu anali alendo, odwala, ndi oyenda usiku monga Pete. Makolo athu anali kumwetsana mwabvi. Lamulo la 1911 linaletsa mwabvi pamodzi ndi kunenera munthu ufiti. Koma mtima wofuna munthu womsenzetsa tsoka sunathe ndi lamulo.

Kapena wina adzati, Nanga Tommy sananene zoona? Kodi adani aja sanalipo ndithu? Inde analipo, ndipo apa pali nzeru ya mlembiyo. Tsoka linali loona, monga imfa ya mwana iri yoona, ndi mbala za m'makomboni athu ziri zoona. Sitinena kuti munthu atseke maso ace. Koma mwa onse okhala pa mseu wa Maple panalibe ndi mmodzi yense wa gulu la adaniwo. Kuona kwa tsoka sikutsimikiza mlandu wa munthu amene tamloza. Ndiponso pamene iwo analikuthamangitsana, palibe amene anakweza maso ace ku phiri. Momwemonso mudzi umene wapha nkhalamba cifukwa ca malungo a mwana usiya udzudzu ulikuswana m'zithaphwi.

Cina cimene titengapo ndi ici: Steve analankhula zanzeru, koma analankhula yekha. Ena amene anakayika m'mitima yao anakhala cete, poopa kuti cala cingatembenukire kwa iwo, ndipo cinatembenukabe. Akuru anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Lamulo loletsa umboni wonama silinena za m'bwalo la mirandu mokha. Munthu aliswa pa mjigo, pa msika, ndi pa lamya ya m'manja, pamene atumiza kwa anzace makumi awiri mau oyamba ndi kuti, Ndamva kuti.

Cifukwa cace, abale, usiku wina mdima ukagwa pa Area 25 kapena pa Mgona, kapena pa mudzi wanu, ndipo mukamva dzina la mnansi lirikuyenda pakamwa pa anthu, funsani mofatsa: Waona ndi maso ndani? Anaona ciani? Kodi munthuyu sanali kutero ndi kale lomwe? Mukatero musabwerere m'nyumba. Kaimeni pa khomo pace awiri kapena atatu, ndi kutuma mwana akaitane amfumu kapena apolisi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Magetsi adzayakanso, koma munthu amene tamponya miyala mu mdima sitidzakhoza kumuutsa kutaca.